Kabokosi ka firewall katulukira pa laputopu: mudine Allow kapena Cancel?

Mukungogwira ntchito zanu bwinobwino, kaya mukulemba asayinimenti kaya mwana akusewera gemu, mwadzidzidzi kabokosi kaima pakati pa sikirini, pamwamba palembedwa "Windows Security Alert", pansi pake akuti firewall yatchinga mbali zina za pulogalamu inayake yomwe dzina lake simunalimvepo chibadwire. Mabatani ndi awiri, "Allow access" ndi "Cancel". Anthu ambiri omwe ndawathandizapo amangodina Allow kuti kabokosiko kachoke basi, ena amachita mantha n'kuzimitsa kompyuta yonse, ndiye pali ena amapita kukathimitsiratu firewall kuti isamawasokoneze. Gulu lachitatuli ndi lomwe limandidandaulitsa kwambiri.

Mvetsani kaye chinthu chimodzi ichi, zina zonse zikhala zophweka. Kabokosi kameneka sikakufunsa ngati pulogalamuyo ipite pa intaneti ayi. Kakufunsa ngati makompyuta ndi mafoni ena aloledwe kulowa mu kompyuta yanu kudzera pa pulogalamuyo. Zili ngati mlonda wa pageti wabwera kudzakuuzani kuti bwana, muli munthu m'nyumbamu akufuna kusiya chitseko chakuseri chotsegula kuti anzake azilowa osachita odi, ndimulole? Mlonda ameneyu ndiye firewall, ndipo ya Windows m'mene imabwerera, zotuluka imazilola, zolowa zomwe simunaziitane imazitchinga. Ndiye mukakana, nthawi zambiri pulogalamu ija imagwirabe ntchito, ndipo ngati munakana molakwitsa mukhoza kukonza mawa popanda vuto.

Zofunika kukhala nazo

- Kompyuta ya Windows 10 kapena Windows 11. Mawu a pa sikirini amasiyana pang'ono koma njira ndi yomweyo.
- Akaunti ya administrator, ya mwini yomwe ili ndi mphamvu yosintha zinthu pa kompyuta, kapena pasiwedi yake. Popanda iyi simungalole kanthu ngakhale mutafuna.
- Foni yojambulira kabokosiko, kapena pepala ndi cholembera.
- Kabandulo pang'ono kofufuzira.
- Chaja, ndipo batire ikhale ili ndi moto wokwanira ngati mufika poti musikane kompyuta yonse, poti magetsi sapangana nafe.

Sitepe 1: Onetsetsani kuti ndi ka firewall kenikeni

Apa ndi pomwe anthu amasokonezeka, chifukwa timabokosi ta Windows tilipo tingapo ndipo aliyense amangoti "chenjezo lija latulukanso". Sitofanana ayi.

Ka firewall pa Windows 10 kamati "Windows Defender Firewall has blocked some features of this app". Pa Windows 11 yatsopano kamafunsa kuti "Do you want to allow public and private networks to access this app?" ndipo kamabisa zambiri mpaka mutadina "Show more". Kameneka ndiko tikukamba lero.

Pali kena kamadetsa sikirini yonse n'kufunsa kuti "Do you want to allow this app to make changes to your device?" Aka ndi koopsa kuposa ka firewall, chifukwa mukavomera mwaipatsa pulogalamuyo mphamvu yosintha chilichonse, kuphatikizapo kudzitsegulira yokha chitseko pa firewall osakufunsaninso. Ngati simunali mkati moika pulogalamu inu eni, dinani No.

Kena ndi kabuluu kolembedwa "Windows protected your PC", kamatuluka mukatsegula fayilo yomwe mwadawuniloda koma Windows sikuidziwa bwino.

Ndiye pali kabodza. Kamatulukira mu Chrome kapena Edge, kamadzaza sikirini yonse, nthawi zina kumalira mabelu kapena kuyankhula, n'kumati kompyuta yanu yagwidwa ndi mavayirasi, imbani nambala iyi msanga.

Chenjezo: uthenga weniweni wa Windows sukhala ndi nambala ya foni, ndipo sukuuzani kuti mulipire kapena mudawunilode kanthu. Mukaona nambala musaimbe, musadine paliponse mkati mwake. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager, yomwe imasonyeza mapulogalamu omwe akuyenda, ikatseguka sankhani Chrome kapena Edge n'kudina "End task". Mukatsegulanso, ikafunsa zobwezera masamba omwe munali nawo, kanani, apo ayi kabodza kaja kabweranso.

Sitepe 2: Jambulani, kenako werengani mizere itatu

Musanadine chilichonse tengani foni mujambule kabokosiko. Kakangochoka sikabweranso mwachisawawa, ndipo ndakhala ndikuimbiridwa kuti "kunatuluka chinachake ndinadina", ndikafunsa dzina lake palibe akulikumbukira, ndiye timayamba kusaka mumdima.

Mizere yofunika ndi itatu: Name, dzina la pulogalamu, Publisher, kampani yomwe inaipanga, ndi Path, malo omwe fayiloyo ikukhala mu kompyuta. Pa itatuyi, Path ndiyo imanena zoona kwambiri. Dzina aliyense angapereke lomwe akufuna, wopanga vayirasi sangalembe kuti ine ndine vayirasi, amalemba "Update Service" kapena "Windows Host" kuti muzolowere.

Malo omwe amandipatsa mtendere pang'ono ndi C:\Program Files, C:\Program Files (x86) ndi C:\Windows\System32, chifukwa kuika fayilo m'menemo kumafuna chilolezo cha administrator. Malo omwe amandidzutsa tsitsi ndi foda ya Temp, Downloads, C:\Users\Public, pa fulashi, kapena foda ya dzina losamveka ngati munthu wangogwetsa chigongono pa kiyibodi.

Chenjezo: foda yotchedwa AppData ili pakati. Mavayirasi amakonda kubisala m'menemo, zoona, koma mapulogalamu abwinobwino ngati Zoom, Telegram ndi Spotify amakhalanso momwemo. Ndiye musangoona AppData n'kuyamba kufufuta, onani ngati dzina la foda likugwirizana ndi pulogalamu yomwe munaika nokha.

Komanso muyang'anitsitse kalembedwe. Fayilo ya Windows yeniyeni ndi svchost.exe ndipo imakhala mu System32 kapena SysWOW64. Mukaona scvhost, svch0st yokhala ndi ziro, kapena svchost yolembedwa bwino koma ili mu Temp, imeneyo si ya Windows.

Sitepe 3: Dzifunseni kuti ndangochita chani

Funso ili limathetsa milandu yambiri kuposa china chilichonse. Kabokosi ka firewall kamatuluka nthawi yomwe pulogalamu yayamba kudikira alendo, ndiye kamayenera kutsatana ndi chinthu chomwe mwangochita kumene. Mwangotsegula pulogalamu yosamutsira mafayilo kuchoka pa foni kupita pa laputopu, kabokosi katuluka ndi dzina lomwelo, zikumveka. Mwangoika printa ya Wi-Fi, zikumveka. Ana akufuna kusewera gemu awiriawiri pa malaputopu awiri a m'nyumba momwemo, zikumvekanso. Pulogalamu ya torrent nayo imafunsa chifukwa ntchito yake n'kulandirana mafayilo ndi anthu ena pa intaneti.

Koma ngati mwangoyatsa kompyuta simunagwire kalikonse, kapena mwangolowetsa fulashi yomwe yachokera kosindikizitsa mapepala, kapena mwatsegula chomwe mumayesa ndi PDF ya ntchito yomwe mwalandira pa WhatsApp, kenako kabokosi n'kutuluka, pamenepo pali nkhani. Kalata siifuna chitseko. Chithunzi, nyimbo, kakalkuleta, kapulogalamu kosinthira PDF kukhala Word, zonsezi zilibe chifukwa chodikirira alendo.

Ngati kompyuta mumagwiritsa ntchito anthu angapo, funsani a m'nyumba. Safunsa anadya phula. Kwa achemwali anga kunkatuluka dzina lachilendo tsiku ndi tsiku, tinavutika nalo madzulo onse, kenako mwana wawo wa Fomu 2 ndi amene anatiuza kuti ndi gemu yomwe mnzake anamuikira kuchokera pa fulashi. Tikanamufunsa poyamba tikanapulumutsa nthawi.

Sitepe 4: Mukakayika, dinani Cancel

Palibe chomwe chiwonongeke. Windows imangolemba lamulo loti pulogalamu imeneyi isalandire alendo, basi. Pitirizani ntchito zanu muone ngati pali chomwe chasiya kugwira. Nthawi zambiri mupeza kuti chilichonse chikuyenda, ngakhale mapulogalamu odziwika ambiri amagwirabe ntchito mutawakaniza, chifukwa iwo amatha kutuluka okha kukapeza zomwe akufuna.

Chenjezo lalikulu: Cancel si mankhwala. Ngati chinthucho ndi vayirasi, ili kale mkati, ikuyenda kale, ndipo ikhoza kumatumizabe zinthu kunja poti zotuluka firewall siikuzitchinga. Mwangotseka chitseko chimodzi koma wakuba ali pabalaza. Ndiye musati ndadina Cancel nkhani yatha, pitani pa sitepe 5.

Sitepe 5: Pitani mukaione fayiloyo ndi maso

Tsegulani File Explorer, lembani Path ija pamwamba pomwe pamalembedwa malo, musiye dzina la fayilo lakumapeto, dinani Enter. Chithunzi cha pa foni chija chikuthandizani apa. Njira ina yachidule, tsegulani Task Manager, pitani pa Details, pezani dzinalo, dinani batani lakumanja la mausi n'kusankha "Open file location". Imakufikitsani pakhomo penipeni ngakhale foda ili yobisika.

Mukafika chitani izi:

Choyamba yatsani zoti mayina a mafayilo azioneka onse. Pa Windows 10 ndi View kenako chongani "File name extensions", pa Windows 11 ndi View, Show, kenako mawu omwewo. Windows imabisa kumapeto kwa dzina, ndiye fayilo yotchedwa malipiro.pdf.exe inu mumangoona malipiro.pdf n'kuitsegula ndi mtima umodzi. Ine izi ndimayatsa pa kompyuta iliyonse yomwe ndaigwira ndipo sindizimitsanso.

Chachiwiri dinani fayiloyo ndi batani lakumanja, Properties, muyang'ane tsamba lotchedwa "Digital Signatures". Ichi ndi chidindo cha kampani. Sankhani dzina lomwe lili m'menemo, dinani Details, payenera kulembedwa kuti "This digital signature is OK". Dzina la kampani lolembedwa pa tsamba lina la mu Properties lotchedwanso Details aliyense angalembe, koma chidindochi n'chovuta kunamiza. Pulogalamu yomwe ikudzitcha ya Google kapena Adobe koma ilibe chidindo, imeneyo ikunama. Kungoti mafayilo ena a Windows enieni a mu System32 sasonyeza tsamba limeneli, ndipo timapulogalamu tina tabwino topangidwa ndi munthu mmodzi timakhalanso topanda chidindo, ndiye kusowa kwake kokha si chigamulo, ndi chifukwa chofufuzira mopitirira.

Chachitatu onani tsiku lomwe fayiloyo inabwera, lili pa tsamba la General pomwe palembedwa Created. Tsiku limenelo munaika chani? Ndani anabwereka laputopu? Mukhozanso kupita ku Settings, Apps, n'kusanja mapulogalamu potengera tsiku loikidwa, mupeza kuti tsiku lomwe munaika kapulogalamu kamodzi kaulere, panalowanso tina titatu tomwe simunatiitane.

Chenjezo: musaidine kawiri fayiloyo kuti muone kuti ndi chani. Kuidina kawiri n'kuiyendetsa.

Sitepe 6: Funsani akatswiri awiri

Woyamba ali kale m'nyumba. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja n'kusankha "Scan with Microsoft Defender", pa Windows 11 zimabisala pansi pa "Show more options". Koma muyambe mwaipatsa zatsopano, Windows Security, "Virus & threat protection", kenako "Check for updates" pansi pa zosintha za chitetezo. Ndikudziwa ambirife timazimitsa ma update posunga bandulo, komatu antivayirasi yomwe yakhala miyezi 6 osalandira zatsopano ili ngati mlonda amene akusakasaka akuba a chaka chatha.

Wachiwiri ndi VirusTotal, tsamba laulere la Google lomwe limapereka fayilo yanu kwa ma antivayirasi pafupifupi 70 nthawi imodzi. Mumasankha fayilo, imakupatsani nambala ya omwe aikayikira. M'mene ndimawerengera ine: mmodzi kapena awiri osadziwika akadandaula pomwe fayilo ili ndi chidindo chabwino, nthawi zambiri ndi phokoso chabe. Akafika 10 kupita m'mwamba, ndipo pakati pawo pali mayina akuluakulu, ndimachotsa osakambirana. Ikabwera 0 ndi nkhani yabwino koma osagona tulo, vayirasi yatsopano imatha kudutsa masiku oyamba osadziwika, ndiye phatikizani ndi zomwe mwaona pa Path ndi pa chidindo.

Chenjezo: fayilo yomwe mwatumiza ku VirusTotal imasungidwa ndipo akatswiri a zachitetezo amatha kuiona. Tumizani pulogalamu yokhayo. CV yanu, chithunzi cha chiphaso, masitetimenti a ku banki, zimenezo ayi.

Mukhozanso kulemba dzina la fayilo pa Google, koma samalani, masamba ambiri omwe amabwera pamwamba amati fayilo iliyonse ndi yoopsa kenako n'kukupatsani batani loti mudawunilode "chokonzera". Musadawunilode kanthu kuchokera kumeneko.

Sitepe 7: Ngati ndi yabwino, iloleni koma pa Private pokha

Mwafufuza, mwakhutira, ndi pulogalamu yanu ndipo ikufunikadi chitseko. Tsopano onani timabokosi tiwiri tochonga, Private ndi Public. Private ndi netiweki ya kunyumba kwanu, rauta yanu kapena hotisipoti ya foni yanu yomwe pasiwedi yake mukuidziwa inu ndi a m'nyumba. Public ndi Wi-Fi ya ku koleji, ku hostelo, ku loji, ku ofesi ya eni, pa bwalo la ndege, kulikonse komwe simukudziwa kuti walumikizanso ndani.

Chongani Private, chotsani Public. Yang'anani bwino chifukwa nthawi zina mumapeza Public yachongedwa kale, inu n'kungodina Allow.

Apa pali msampha womwe umavutitsa anthu ambiri. Windows 11 netiweki yatsopano imaiyesa Public, ngakhale ndi hotisipoti yanu yomwe. Ndiye mwalola pa Private pokha, printa siikuoneka, foni siikupeza laputopu, n'kumati malangizowa ndi abodza. Musathamangire kuchonga Public. Pitani ku Settings, "Network & internet", Wi-Fi, tsegulani Properties za netiweki ya kwanuyo, musinthe kukhala Private. Mukatero kunyumba chitseko chikutseguka, mukanyamula laputopu kupita nayo ku sukulu chikudzitseka chokha, ndipo ndi zomwe tikufuna.

Koma ngati Wi-Fi ya pakhomo mumagawana ndi aneba kapena alendi anzanu, ndipo pasiwedi yake yafalikira mpaka kwa anzawo a ana, ine ndimaisiya pa Public.

Sitepe 8: Kubweza zomwe munadina kale

Iyi ndi ya omwe akuwerenga n'kumakumbukira kuti akhala akudina Allow zaka zonsezi, komanso omwe anadina Cancel pa chinthu chofunika.

Dinani batani la Windows ndi R pamodzi, lembani firewall.cpl, Enter. Kumanzere sankhani "Allow an app or feature through Windows Defender Firewall", kenako "Change settings". Mndandanda womwe mupeze ndi wautali, musaope, zambiri ndi za Windows yomweyo. Inu sakani mayina omwe simukuwadziwa ndi a mapulogalamu omwe munachotsa kalekale. Mukasankha limodzi n'kudina Details imakusonyezani Path yake. Lokayikitsa chotsani chochonga, kapena dinani Remove kuti likadzafunanso lidzafunse.

Chenjezo: musachotse zochonga pa "Core Networking", ndipo zinthu za Windows zomwe simukuzimvetsa zisiyeni momwe zilili. Mukhoza kudzitsekera intaneti nokha.

Ngati munadina Cancel ndipo tsopano mwachonga koma sizikugwirabe, chifukwa chake n'chakuti pa firewall ya Windows lamulo lokaniza limaposa lamulo lolola. Windows ndi R, lembani wf.msc, pitani pa "Inbound Rules", pezani dzina la pulogalamuyo, muona mizere yokhala ndi kachizindikiro kofiira, nthawi zambiri imakhala iwiri, wina wa TCP wina wa UDP. Fufutani yonse iwiri, tsegulaninso pulogalamuyo, kabokosi kaja kabwera ndipo muyankha bwino ulendo uno.

Kwa amene mwagula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito, kapena yomwe pa shopu anakudzazirani mapulogalamu ambirimbiri ngati bonasi, ine ndimalangiza kuyambiranso. Mu Windows Security, "Firewall & network protection", pansi pali "Restore firewalls to default". Imafufuta zilolezo zonse zomwe mwini wakale anapereka. Masiku otsatira timabokosi tizituluka pafupipafupi pomwe mapulogalamu akupemphanso, ndipo kugawana mafayilo ndi printa mwina mufunika kuyatsanso, koma ubwino wake ulendo uno woyankha ndinu.

Sitepe 9: Kutsekera pulogalamu kuti isatulukenso

Poti Cancel imangotseka zolowa, nthawi zina mumafuna kutsekanso zotuluka, kaya pulogalamuyo mukuikayikira koma simunathe kuichotsa, kaya ikungomeza bandulo. Kuti mudziwe yomwe ikudya, pa Windows 11 pitani ku Settings, "Network & internet", "Advanced network settings", "Data usage", muona pulogalamu iliyonse ndi ma MB omwe yadya. Dzina lachilendo lija mukalipeza pamwamba pa mndandanda, muli ndi umboni wina.

Tsegulani wf.msc, sankhani "Outbound Rules", kumanja "New Rule", Program, Next, "This program path", Browse n'kupeza fayilo ija, kenako "Block the connection", chongani Domain, Private ndi Public zonse, ipatseni dzina lomwe mudzalikumbukire ngati "ndatseka gemu ya mwana", Finish.

Chenjezo: musatsekere svchost.exe yeniyeni ya mu System32 ngakhale muone ikudya ma MB ambiri. Ma update ndi zinthu zina zambiri za netiweki zimadutsa m'menemo. Ngati nkhani ndi bandulo, yatsani "Metered connection" pa Properties za hotisipoti yanu, Windows ichepetsa yokha kudya.

Sitepe 10: Ngati zapezeka kuti ndi vayirasi

Zimitsani Wi-Fi kaye, zulani waya ngati mulipo. Pitani ku Settings, Apps, ngati chinthucho chili pa mndandanda chichotseni. Mu Task Manager pitani pa tsamba la Startup muzimitse chilichonse chachilendo chomwe chimadzuka pamodzi ndi kompyuta. Kenako Windows Security, "Virus & threat protection", "Scan options", sankhani ya Offline. Kompyuta izima n'kuyakanso, isikana Windows isanadzuke bwinobwino kuti vayirasi isapeze mpata wobisala, zimatenga mphindi pafupifupi 15, ndiye chaja chikhale cholumikiza. Ikatha chitaninso "Full scan", iyi imatha kutenga maola, isiyeni usiku.

Mapasiwedi sinthani pogwiritsa ntchito foni, osati kompyuta yomweyo, muyambe ndi imelo chifukwa ndi kiyi wa maakaunti ena onse, kenako Facebook, banki ndi zina, makamaka omwe munasunga mu Chrome. Mafulashi onse omwe analowa mu kompyutayo asikanidwenso, apo ayi mawa ibwerera ndi fulashi yomweyo. Ngati kabokosi kakubwererabe ndi dzina lina mukayatsa, koperani zithunzi ndi makalata anu okha, osati mapulogalamu, n'kuika Windows yatsopano.

Kwa omwe muli ndi antivayirasi ina yokhala ndi firewall yakeyake, timabokosi take timaoneka mosiyana ndipo tina timafunsanso za zotuluka, koma mafunso anu ndi omwewo, dzina, malo, chidindo, ndachita chani. A Mac nawo amafunsidwa ngati pulogalamu ilandire "incoming network connections", mayankho ndi Deny ndi Allow.

Zolakwika zomwe ndimaziona kawirikawiri

Kuthimitsa firewall yonse kuti chinthu chimodzi chigwire. Izi amachita ngakhale ena okonza makompyuta, printa ikavuta amangothimitsa, yagwira, n'kunyamuka osayatsanso. Mu May 2017 vayirasi ya WannaCry inafalikira m'mayiko pafupifupi 150, mpaka zipatala zina za ku England zinaima, ndipo sinkadikira kuti munthu adine kanthu, inkangolowa yokha pa khomo la nambala 445 pa makompyuta omwe analibe ma update. Makomo ngati amenewo ndi omwe firewall imalondera mukakhala pa netiweki ya eni. Laputopu ikabwera kokonzetsa, tsegulani "Firewall & network protection" muone ngati zonse zitatu, Domain, Private ndi Public, zili zoyaka.

Kumvera kafayilo ka malangizo ka mapulogalamu obedwa. Ma crack ndi timapulogalamu totsegulira Windows kapena Office mwaulere timabwera ndi mawu oti zimitsani antivayirasi ndi firewall musanayambe. Mukatero mwachotsa mlonda ndi manja anu n'kupereka makiyi kwa munthu yemwe simukumudziwa, ndipo palibe njira yophweka yodziwira kuti walowetsanso chani. Mayina achilendo ambiri omwe ndawapeza pa malaputopu a anthu anachokera kumeneku. Ngati nkhani ndi yolembera makalata, LibreOffice ndi yaulere mwalamulo ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Kuika ma antivayirasi awiri kapena atatu poganiza kuti chitetezo chichuluka. Amalimbana okhaokha, kompyuta imalemera, ndipo yomwe munapatsidwa mongoyeserera ikatha masiku ake mumatsala simukudziwa kuti akulondera ndani. Imodzi yokha yolandira zatsopano ndi yokwanira, ndipo yomwe imabwera ndi Windows imagwira ntchito bwino pakhomo.

Kupatsa ana akaunti ya administrator. Apangireni akaunti wamba, kabokosi kakatuluka sangathe kulola popanda pasiwedi yanu, ndiye azibwera kudzakufunsani.

Kukhala pa Windows yomwe inasiyidwa. Windows 7 inasiya kulandira ma update pa 14 January 2020, Windows 10 nayo thandizo lake lanthawi zonse linatha pa 14 October 2025. Firewall ikugwirabe pa makompyuta amenewo, ndipo ndi pomwe ikufunika kwambiri, koma siingatseke maenje onse omwe sakukwiriridwanso.

Cholakwika chomaliza ndi chomwe chimadyetsa anthu ndalama zenizeni. Munthu akukuimbirani, aulemu wake, akuti ndi wa ku banki kapena wa kampani ya intaneti, akaunti yanu ili ndi vuto, ikani AnyDesk kapena TeamViewer ndikuthandizeni, kabokosi kakatuluka mudine Allow, kenako mundiwerengere nambala yomwe ili pa sikirini. Mapulogalamu amenewa pawokha ndi abwino, ali ndi chidindo, pa VirusTotal amadutsa, sitepe zonse za pamwambazi angakhoze, ndipo amagwira ntchito ngakhale mutadina Cancel chifukwa amatuluka okha. Ndiye apa firewall siingakupulumutseni. Mukangopereka nambalayo munthuyo akuona sikirini yanu ndipo akuyendetsa mausi yanu ali kwawo. Dulani foniyo, muimbe nokha pa nambala yomwe ili kuseri kwa khadi lanu la ku banki, ndipo ngati munaika kale pulogalamuyo zimitsani Wi-Fi, ichotseni, musinthe mapasiwedi pa foni tsiku lomwelo.